Kuyeza ndi Kuyerekeza: Kompyuta ya Obira M'madzi

Kwathu ku Tengani, m'boma la Nsanje, munthu sabira mu Shire mwamasewera. Madzi ake ndi amatope, ndipo pansi pake pali eni ake, ng'ona ndi mvuu. Choncho wina angafunse kuti mwana wa kuchigwa akulowerera bwanji nkhani ya timakompyuta tomwe anthu obira m'madzi amamanga pamkono ngati wotchi. Mu Meyi 2023 mvuu inagubuduza bwato lomwe linanyamula anthu 37 pa Shire m'boma lathu lomweli, ndipo anthu oposa 20 anasowa. Kuyambira pamenepo ndine mmodzi wa amene amakhulupirira kuti chigwachi chikufunika achinyamata akeake ophunzitsidwa kubira ndi zipangizo zamakono. Koma chipangizo chilichonse chimabwera ndi chilankhulo chake, ndipo amene sanachimvetse bwino chilankhulocho akhoza kufa atavala chipangizo chodula.

Munthu akamapita pansi pa madzi atabereka silinda ya mpweya, madzi amamupanikiza. Pa mamita 10 kupanikizako kumakhala kowirikiza kawiri poyerekeza ndi pamtunda, pa mamita 20 katatu. Mpweya wa nayitrojeni womwe akupuma umalowerera m'magazi ndi m'minofu. Akavuuka mofulumira, mpweyawo umachita thovu m'thupi monga mmene imachitira Fanta ukaitsegula utaikhutchumula. Thovulo likakhala m'mfundo munthu amamva ululu woopsa. Likafika kumsana kapena kuubongo akhoza kufa ziwalo, mwinanso kumwalira. Ntchito ya kompyuta ndi kumuuza kuti watsala ndi mphindi zingati pa kuya kumene ali, akwere pang'onopang'ono motani, ndiponso aime pati kuti mpweyawo utuluke bwinobwino.

Apa ndi pamene ine wophunzira chilankhulo ndimaimapo. M'Chichewa tili ndi mawu awiri ofanana kamvekedwe koma osiyana tanthauzo: kuyeza ndi kuyerekeza. Kompyutayi imayeza kupanikiza kwa madzi ndiponso nthawi. Nayitrojeni ali m'magazi a woivala siimuona. Imangoyerekeza pogwiritsa ntchito masamu. Masamuwo anayamba ndi John Scott Haldane, yemwe mu 1908 anatulutsa matchati obirira a asilikali apamadzi a ku Britain atachita kafukufuku pa mbuzi. Inde, mbuzi, zonga zomwe zimadzaza pamsika wa Bangula. Pambuyo pake Albert Bühlmann wa ku Zurich anawongola masamuwo, ndipo ntchito yake, yomwe anaisindikiza mu 1983, ndiyo tsinde la makompyuta ambiri a lero. Tsono nambala ya pagalasi ikunena za thupi longoganizira. Siidziwa kuti woivala anagona ndi malungo sabata yatha, kapena kuti watha madzi m'thupi chifukwa cha dzuwa, kapena kuti usiku wathawu anali ku chikondwerero. N'chifukwa chake pali anthu omwe anadwala matenda a thovuwa ngakhale anatsatira zonse zomwe kompyuta inawauza.

Ikawonongeka, imawonongeka mwa njira ziwiri. Ina imangozima, batire latha kapena madzi alowa. Imeneyi ndi yachilungamo, pakuti mwini wake amadziwa kuti watsala yekha, ndipo malamulo amati athetse ulendowo, akwere pang'onopang'ono. Yoopsa ndi ija imapitiriza kulankhula ikunama. Mu 2003 kampani ya Uwatec inaitanitsa makompyuta a mtundu wa Aladin Air X Nitrox omwe anapangidwa mu 1995. Pulogalamu yake inali ndi vuto: munthu akatuluka m'madzi n'kumapuma mpweya wamba, iyo inkawerengera ngati akupumabe mpweya wa m'silinda wokhala ndi okosijeni wambiri. Motero inkaganiza kuti nayitrojeni watuluka wochuluka kuposa mmene zinalili, n'kumulola kukhalitsa pansi ulendo wotsatira. Galasi linkawala bwinobwino, manambala akuoneka aukhondo, anthu ena n'kuvulala. Pakati pa kupangidwa ndi kuitanitsidwa panadutsa zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti ife a kuchigwa si anthu okhulupirira msanga. Mlimi wa thonje kapena chitowe amadziwa kuti sikelo ya venda imatha kunama, ndipo ambiri amayamba ayeza thumba lawo kwina asanapite nalo kumsika. Koma chinthu chikangokhala ndi galasi lowala ndi manambala a Chingerezi, mlimi yemweyo, ngakhalenso ife a pasukulu ya ukachenjede, timagonja. Timati "kompyuta yanena", "makina akana", "netiweki yavuta". Taonani mmene taziperekera pakamwa zinthuzi, ngati ndi agogo omwe satsutsidwa pabwalo.

Chitsanzo chomwe chimandikhudza kwambiri chili m'dziko mwathu momwe muno. Anthu ambiri obira m'Malawi amabira pa nyanja, makamaka ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay, kumene alendo amabwera kudzaona mbuna ndipo achinyamata a Chimalawi amagwira ntchito yowatsogolera. Nyanja ya Malawi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe mabuku ophunzitsa kubira amati malo aliwonse opitirira mamita 300 amafuna mawerengero apadera, chifukwa mpweya wa pamwamba pake ndi wopepuka. Makompyuta ena amazindikira okha. Ena amafuna kuti mwini wake awauze. Wogula kompyuta yakale kwa mlendo yemwe ankabira nayo ku Durban akhoza kuivala chaka chathunthu osadziwa kuti ikuwerengerabe za ku Durban.

Komanso munthu akamaliza kubira, makompyuta ambiri amaonetsa kachithunzi ka ndege, kutanthauza kuti asakwere ndege kufikira papite nthawi. Bungwe la Divers Alert Network limalangiza kudikira maola osachepera 12 munthu akabira kamodzi, ndi maola 18 akabira kangapo. Amene anajambula kachithunziko ankaganiza za mlendo wa ku Ulaya yemwe akuthamangira ku bwalo la ndege. Mnyamata wa ku Nkhata Bay akakaona amaseka, poti iye ndege sanaikwerepo ndipo alibe nayo malingaliro. Ndiye amavula zovala zobirira, n'kukwera minibasi yopita ku Mzuzu, mzinda womwe uli pa mamita oposa 1,200. Mwa ola limodzi wakwera mamita oposa 700. Wochokera ku Cape Maclear akadzera msewu wa Golomoti kupita ku Dedza amakwera kuposa pamenepo. Thupi silisiyanitsa ndege ndi minibasi. Chomwe limamva ndi kupepuka kwa mpweya. Pamenepa kompyuta sinawonongeke, batire lili bwino, masamu ali bwino. Chalephera ndi chizindikiro, chomwe chikunena "ndege" pomwe chimafuna kunena "chitunda".

Sindikunena kuti titaye makompyuta n'kubwerera ku matchati a papepala okha. Kungakhale kupusa. Kompyuta imatsatira munthu mphindi iliyonse, siitopa, siichita mantha, ndipo imalira akamakwera mothamanga, zomwe tchati sichingachite. Kuchokera pamene makompyuta oyamba ogulitsidwa kwa anthu wamba, monga Orca Edge ya mu 1983, anatuluka, kubira kwakhala kosavuta kwa anthu ochuluka. Chomwe ndikukana ndi kuphunzitsa mwana kuwerenga galasi osamuphunzitsa chomwe chili kuseri kwa galasilo. Wobira aliyense ayenera kukonza ulendo wake asanalowe m'madzi, adziwe pamutu kuya ndi mphindi zomwe akuyembekezera, kuti nambala yachilendo ikaoneka aikayikire. Aziyerekeza kompyuta yake ndi ya mnzake, monga mlimi uja amachitira ndi masikelo awiri, ndipo zikasiyana atsatire yomwe ikumuuza kuti atuluke msanga. Safunsa anadya phula.

Gawo lina la ntchitoyi ndi lathu a m'dipatimenti ya zilankhulo, ndipo aphunzitsi athu andikhululukire ngati ndikuwasenzetsa katundu. Timathera nthawi yaitali tikukangana ngati kompyuta tiitche "makina a kompyuta" kapena tiipezere dzina lina. Mkangano umenewo suphetsa munthu. Chomwe chingaphetse ndi mnyamata wa ku Tengani, wolankhula Chisena ndi Chimang'anja, kupatsidwa buku la malangizo la Chingerezi cha akatswiri, n'kuuzidwa kuti akavuule mtembo pansi pa Shire kumene ngakhale galasi la kompyutalo sangalione chifukwa cha matope. Ameneyo ayenera kumva m'chilankhulo chake kusiyana kwa kulira kotanthauza "ukukwera mothamanga" ndi kulira kotanthauza "batire latha". Ndikupempha kuti ophunzira a chaka chachinayi a maphunziro omasulira apatsidwe ntchito yokakhala ndi obira a ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear, amve mawu omwe iwo amagwiritsa kale ntchito akamacheza paboti, kenaka alembe kabuku ka machenjezo m'Chichewa, m'Chitonga ndi m'Chisena. Pa tsamba loyamba pakhale kachithunzi ka ndege kaja, ndipo pambali pake pajambulidwe minibasi ya ku Mzuzu.