Namwino Wacimuna Nayenso Amalema

Pa kiliniki ya kwathu kuno kum'mawa pali namwino mmodzi wacimuna. Dzina sindichula. Mwezi watha anakalipira mai wina amene anabwera mocedwa ndi mwana wodwala malungo, ndipo pofika pa Sondo nkhani inali ponseponse pa chalichi, akuti anyamata a masiku ano alibe ulemu. Kukalipa kuja kunali kulakwa, sindikana. Koma palibe anafunsa kuti mnyamatayo anagona liti.

Ine ndinafunsa. Anali atacezera usiku utatu motsatizana. Anzake pa nchito amati popeza ndi mwamuna, zolemera zonse ndi zake: kunyamula odwala, kulimbana ndi oledzera obwera ndi mabala pakati pa usiku, kukwera njinga yamoto kukabaya ana katemera ku midzi yakutali ngakhale nthawi ya dzinja. Akadandaula, amuseka kuti mwamuna salira. Akakhala cete, akuti ndi wonyada.

Ifenso a m'mudzi timamuwonjezera katundu. Amuna ena amaletsa akazi awo kukabereka ku kiliniki akamva kuti ali pa nchito ndi iye. Mai akacirira kunyumba n'kutaya magazi ambiri, timamuthamangitsira kwa namwino yemweyo tinamukana, zinthu zitaipa kale. Zikalephereka, mlandu ndi wake.

Munthu wotopa, amene samvana ndi anzake, amaiwala kulemba pa khadi, amalakwitsa muyeso wa mankhwala, ndipo posinthana nchito m'mawa sauza mnzake zonse za wodwala. Ena amathawira ku mowa. Wovutika pamapeto pake ndi mwana wanu ndi wanga.

Boma litacotsa malipiro m'zipatala za kumidzi mu 2006, odwala anaculuka pa mizere. Mu 2022 linalemba nchito anthu a zaumoyo oposa 11,000, ndipo tinayamika. Koma kulemba anthu sikugawa nchito mwacilungamo mkati mwa kiliniki. Imeneyo ndi nchito ya oyang'anira kiliniki: nchito ya usiku izizungulira kwa onse, ndipo wodandaula azimvedwa asanafike pokalipira odwala.

Kwa ife, a komiti ya zaumoyo, anyakwawa ndi akulu a mpingo, pemphani amuna aja oletsa akazi awo akhale pansi ndi namwino, afunse mafunso awo poyera. Ngati mai acita manyazi, apite ndi mai mnzake wa SMAG akhale naye m'cipinda. Kwathu nkhaniyi tidzaikweza pa msonkhano wa komiti tisanayambe kukolola.