Kampani Ikafa, Ngongole Isafere Limodzi



Lamulo la makampani la 2013 limapatsa khoti mphamvu yobwezeretsa m'kaundula kampani imene idafufutidwamo. Ife tikuti mphamvu imeneyi iteteze amphawi. Alipo eni makampani amene amaleka dala kupereka malipoti a pachaka kuti dzina lifufutidwe, wantchito n'kusowa womusumira pa malipiro ake. Mawa lake atsegula kampani ina. Kodi taiwala Cashgate ya 2013, pamene Boma lidalipira makampani osagwira ntchito iliyonse?

Tikupempha oweruza kuti aukitse makampani otere kuti abweze ngongole, osati kuti akadyenso makontirakiti a Boma. Inu amene mudadyeredwa masuku pamutu, musakhale chete: pitani ku Legal Aid Bureau akakuthandizeni kusuma. Paja mlandu suola.