Tip ni mbasela, koma meda iyambe yadzala

Lero tikambeko za ana athu amene amagwira nchito m'malesitilanti, m'mahotelo ndi m'maloji muno mu Kitwe ndi ku Ndola. Ambiri a inu muli ndi mwana, mng'ono kapena mdzukulu amene amanyamula mbale kuyambira m'mawa mpaka usiku. Akuti ali pa nchito, koma mwezi ukafika pakati ndinu nomwe mumamupatsako ya basi kuchoka pa ndalama ya oda.

Anthu amakangana za tip. Ena akuti, "Tip ni ya uja wanisamalira bwino. Wabweretsa nsima yozizira, nkhope yokwinya, manje nimupatsirenji?" Ena akuti, "Ana awa amalandira tochepa, kudya n'kunyamuka osasiya kanthu ni nkhanza."

Ife tikuti onse awiri akulimbana ndi mbasela, pamene meda yeniyeniyo ni yoperewera.

Inu a pa msika mukuidziwa bwino nkhaniyi. Kasitomala akagula meda ya nyemba kapena ya kapenta, meda iyenera kudzala. Imeneyo ni ngongole yanu kwa iye, chifukwa walipira. Mbasela ni ina. Mumaikapo chifukwa wakamba nanu bwino, kapena ni kasitomala wa masiku onse. Palibe amene angakutengereni kwa a chairman a msika chifukwa simunaike mbasela. Koma amene amakhoma meda kunsi kuti ilowe zochepa, n'kuponyapo tinyemba tiwiri pamwamba kuti aoneke wachifundo, tonse timamudziwa dzina lake.

Tip nayo ni mbasela. Weita amaipeza ndi ulemu wake ndi changu chake, ndipo kasitomala amapereka mwa kufuna kwake. Meda ya weita ni zinthu ziwiri: malipiro a pa mwezi ndi service charge.

Service charge imeneyi ambiri sitiyiyang'ana. Mukadya pa lesitilanti yaikulu kapena kugona pa loji, onani pa lisiti. Nthawi zambiri pansi pake pamakhala mzere wa 10%. Si msonkho wa ZRA iyayi. Lamulo la Tourism and Hospitality Act la 2015 limati malo ogona ndi malesitilanti aziika service charge pa bilu, ndipo ndalamayo igawidwe mofanana kwa anchito onse kupatulapo mamanija. Ndiye kuti weita, wophika, wotsuka mbale ndi wosesa, aliyense ali ndi gawo lake. Mwini malo amangoisunga chabe, ngati mmene msungichuma wa chilimba amasungira ndalama za anzake.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Mwadya za K400, service charge ni K40. Tinene kuti malo ena agulitsa za K300,000 pa mwezi. Service charge yake ni K30,000. Ngati anchito alipo 15, aliyense ayenera kutenga K2,000 pamwamba pa malipiro ake. Manje funsani mwana wanu: mwezi watha anaiona? Pa payslip pake inalembedwa? Kapena payslip yomweyo sanaionepo chiyambire nchito?

Za malipiro nazo tikambe zoona. Kuyambira pa 1 January 2024, malipiro otsikitsitsa a wanchito wamba anakwera kufika pa K2,313.10 pamodzi ndi ma allowance, ndipo a wanchito wa pa nyumba anafika pa K1,300. Kukweza anakweza, sitikana. Koma chaka chomwecho a JCTR, amene amawerengera mtengo wa zofunika pa banja mwezi ndi mwezi, anapeza kuti banja la anthu asanu mu Lusaka lifunika ndalama yopitirira K10,000. Kitwe ndi Ndola si Lusaka, koma thumba la breakfast, malasha ndi lendi ya ku Chimwemwe kapena ku Chifubu sizimva chisoni. Munthu wa K2,313 akalandidwanso service charge yake, chatsala ni kaloba.

Apa m'pamene nkhani ya tip imaipira. Bwana akauza mwana kuti "malipiro ni ochepa koma uzipeza ma tip," wachotsa katundu pa mutu pake n'kusenzetsa kasitomala. Ndipo mtsikana amene chakudya cha ana ake chili m'thumba la kasitomala sangakane chipongwe. Woledzera akamugwira dzanja, akamuumiriza nambala ya foni, amangoseka chifukwa akuopa kutaya K20. Kholo liti lingakondwere nazo? Ku America lamulo la dziko lonse limalola kulipira wanchito wolandira tip $2.13 pa ola, ndipo ndalamayi sinasinthe kuyambira 1991. Kumeneko kasitomala ndiye anasanduka wolipira malipiro. Njira imeneyo ife sitiifuna kuno.

Eni malo nawo ali ndi madandaulo, ndipo ena ni oona. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, magetsi amapita pafupifupi tsiku lonse, anthu amathira dizilo mu jenereta, nyama imaonongeka m'mafiriji. Inunso ogulitsa nsomba ndi nkhuku munalira nazo. Koma mavuto a bizinesi sapatsa munthu chilolezo chodya ndalama ya mnzake. Msungichuma wa chilimba akadya ndalama n'kunena kuti "zinthu zavuta," mumamusiya?

Funso lathu lipite ku boma. Lamulo lilipo, nanga amene ayenera kuona kuti likutsatidwa ali kuti? A khonsolo salephera kufika pa tebulo lanu kudzatenga levy, mvula igwe dzuwa liwale. Nanga oyendera za nchito a ku Ministry of Labour amafika kangati kukhitchini kukafunsa wotsuka mbale ngati 10% yake amailandira? Boma likamathamangira K5 ya mai wogulitsa tomato koma n'kuchita ulesi pa K2,000 ya weita, latiuza lokha kuti lili mbali iti.

Chipani chathu chikufuna zinthu zitatu, ndipo palibe chovuta. Choyamba, service charge izilembedwa payokha pa payslip ya wanchito aliyense. Chachiwiri, malo alionse aziika poonekera kwa anchito kuti mwezi uno service charge yasonkhanitsidwa zingati ndipo yagawidwa bwanji. Chachitatu, oyendera za nchito azifika osalengeza, ndipo amene wadya ndalama ya anchito abweze yonse asanapatsidwenso laisensi.

Ifenso tili ndi mbali yathu. Mukadya kwinakwake, yang'anani lisiti, n'kumufunsa mwanayo mwakachetechete kuti, "Iyi 10% imakufikani?" Ngati wakusamalirani bwino ndipo mwafuna kumuthokoza, mupatseni m'manja mwake kapena pa foni yake. Ngati mulibe, musachite manyazi, bilu mwalipira ndipo mulibe ngongole. Amene muli ndi ana pa nchito zimenezi, auzeni asunge mapepala awo onse. Ofesi ya Labour ilipo mu Kitwe, ilipo ku Ndola, ndipo anchito a m'mahotelo ali ndi union yawo. Apite awiri kapena atatu, chifukwa mmodzi yekha sachedwa kuopsezedwa.

Ndipo inu amai a malesitilanti a mumsika, amene muli ndi atsikana otsuka mapoto ndi kutunga madzi, nkhaniyi ikukhudzani. Mbale ya nsima ya masana si malipiro. Zimene munagwirizana mupatseni pa tsiku lake, kuti tikamaloza chala mabwana a m'tauni, manja athu akhale oyera.

Kumbukirani kuti weita akalandira zake zonse, sapita nazo ku Dubai. Amabwera pa tebulo lanu kudzagula kapenta, repu ndi salaula ya ana. Ndalama imene yatsekeredwa mu ofesi ya bwana ni ndalama imene sinafike pa Chisokone.

Tiuzeni m'munsimu, osatchula dzina la mwana kuti asachotsedwe nchito: kwanuko 10% imafika? Tumizaninso uthengawu ku gulu la WhatsApp la pa msika wanu.