ZIMBALE ZA WITCH: KODI WOWERUZA NYIMBO ZATHU NDANI?

Mu Juni 2025 gulu la oimba la WITCH linatulutsa cimbale cochedwa Sogolo, ndipo olemba za nyimbo ku Ulaya ndi ku America sanacedwe kuciyamikira, monga anacitira ndi cimbale ca Zango mu 2023. Kuno ku Kafue mbiri inafika cobwerera. Anthu ambiri anayamba awerenga pa mafoni zimene alendo analemba, ndipo nyimbo zenizenizo anadzazimva pambuyo. Mkangano umene unabuka pamenepo sunazirale, ndipo ndi woyenera kuti awerengi athu akumidzi aumve, pakuti mutu wake ndi cuma ca dziko lino.

Oyamba kudandaula ndi akuluakulu, makamaka amene anali anyamata m'zaka za m'ma 1970, pamene Kafue Textiles ndi Nitrogen Chemicals zinali kulemba anthu nchito ndipo pakutha pa mwezi munthu anali kukhala ndi kangacepe kogulira cimbale. Iwowa WITCH yao ndi ya Lazy Bones!! ya 1975 ndi Lukombo Vibes ya 1976. Dandaulo lao ndi lakuti gulu limene likutamandidwa lero latsala ndi akale awiri okha, a Emmanuel "Jagari" Chanda ndi a Patrick Mwondela, pamene oliza magitala ndi ng'oma ndi anyamata a ku Ulaya, monga a Jacco Gardner a ku Netherlands. Amafunsa kuti, kodi amene akuyamikirawo akuyamikira Zambia, kapena akuyamikira ana ao omwe?

Funsoli lili ndi minga, koma yankho lake likupweteka ife eni ake. Anzao a a Chanda amene anayamba nao gulu anamwalira kale, ambiri a iwo m'nyengo imene matenda a Edzi anasesa oimba a dziko lino. Nyimbo za Zamrock zinakula pamene Dr Kenneth Kaunda analamula, pakati pa zaka za m'ma 1970, kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za muno. Nthawi imeneyo Teal Record Company inali kudinda zimbale ku Ndola, ndipo a Edward Khuzwayo a Zambia Music Parlour anali kufunafuna oimba atsopano. Koma mtengo wa mkuwa utagwa, ndalama zinasowa m'matumba. Ndege za Ian Smith zitayamba kuponya mabomba, lamulo loletsa kuyenda usiku linatseka malo ovinira. Kenaka disko inalowa, ndipo WITCH yomwe inatsata disko mpaka cimbale ca Kuomboka ca 1984. A Chanda anakhala mphunzitsi, pambuyo pake anapita kuchire kukakumba miyala ya mtengo wapatali. Zaka zonsezo, ndani wa ife anapita kukawafunsa ngati gitala ikalipo?

Amene anapita ndi alendo. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inadindanso zimbale zakale za WITCH mu 2012, ndipo Gio Arlotta wa ku Italy anajambula kanema wa moyo wa a Chanda amene anaoneka mu 2019. Zango cinali cimbale coyamba ca gululi patapita zaka 39, ndipo cinajambulidwa ku DB Studios mu Lusaka, kumene oimba a kale anali kujambulira. Munthu amene anasiya munda wake kumera thengo sangakwiyire mlendo amene waulima, ngakhale mlendoyo akhale wogwira khasu mwacilendo.

Tikatero sitikunena kuti olemba akunja sanalakwitse kanthu. Apa okonda nyimbo a ku Kafue akunena zoona, ndipo nkhani yao ndi yofunika kuimvetsa. Mlendo akamva WITCH, khutu lake limathamangira ku zimene likudziwa. Amachula Jimi Hendrix, Black Sabbath, James Brown ndi Rolling Stones, ndipo sakunama, pakuti dzina lakuti Jagari lomwe linacokera kwa Mick Jagger. Koma akafika pa ng'oma ya kwathu ndi pa mau, colembera cake cimauma. Nyimbo zina za m'zimbale ziwirizi zili m'zinenero za muno, Cibemba ndi Cinyanja, ndipo wolemba amene sakumva mau amangoyamikira kulira kwa gitala, monga munthu woyamikira mbale osalawa ndiwo. Ngakhale dzina lakuti Sogolo, mlendo amacita kuuzidwa tanthauzo lake, pamene mwana wa ku Katete amadziwa kale kuti ndi tsogolo lomwe lija, kungoti anthu a m'tauni anameza cilembo cimodzi. Nyimbo ya kwathu ndi uphungu, ndi citonzo, ndi maliro. Woiweruza osamva cimene ikunena waweruza theka.

Acinyamata mkangano umenewu sumawavuta kwenikweni. Ambiri a iwo anadziwa Zamrock kupyolera mwa Sampa the Great, amene anaimba ndi WITCH pa cimbale cake ca 2022 ndi pa Zango, kapena pamene Tyler, the Creator wa ku America anatenga cigawo ca nyimbo ya Ngozi Family ndi kuciika m'nyimbo yake ya Noid mu 2024. Kwa iwo ciyamikiro ca kunja ndi ulemu basi, ndipo amadabwa cifukwa cake agogo ao akunyinyirika.

Cimene cikusoweka pa mkangano wonsewu ndi mau a woweruza wa muno. Tili ndi oulutsa nyimbo pa wailesi ambiri, ndiponso mphatso zopatsa oimba caka ndi caka, koma munthu wokhala pansi, kumvetsera cimbale conse ndi kulemba m'cinenero cathu kuti nyimbo yacitatu yafooka ndipo yacisanu yapambana, ndi wosowa ngati mvula ya mu Julaye. Mwina cifukwa cake ndi mwambo wathu wosafuna kucititsa munthu manyazi pagulu. Woimba ndi mwana wa mnansi, ndipo womudzudzula amachedwa wanjiru. Motero timakhala cete mpaka wa ku London alankhule, kenaka tigawanika, ena kumuvomereza, ena kumutukwana. Kunena zoona, amene amakwiya ndi ciyamikiro ca mlendo ndi amene amacikondwerera onse ayembekezera mlendo yemweyo kuti ayambe ndiye.

Ife pa tsamba lino tikuona kuti Zango cinayenera kutamandidwa. Mau a a Chanda akalamba koma sanathe mphamvu, ndipo a Theresa Ng'ambi ndi a Hanna Tembo anabweretsa mau a cizimayi amene WITCH ya zimbale zoyambirira inalibe. Akuluakulu a ku Kafue amene akufuna Lazy Bones!! yaciwiri akufuna unyamata wao, ndipo umenewo palibe woimba angawabwezere.

Koma pali nkhani ina imene ocemerera ndi odandaula onse akuilumpha, ndiyo ya ndalama. Ciyamikiro ca m'nyuzipepala za kunja cimakweza mtengo wa nyimbo. Zimbale zakale za Zamrock zikufunidwa ndi osonkhanitsa a kunja pa mitengo imene mlimi wa cimanga sangakhulupirire, ndipo zatsopano zikudindidwa kunja, pakuti makina a Teal ku Ndola analeka kale kuzungulira. A Paul Ngozi anamwalira mu 1989, ndipo oimba ambiri a nthawi yao anasiya akazi amasiye ndi ana, ena m'makomboni a Lusaka ndi Kitwe, ena kumidzi. Lamulo la Copyright and Performance Rights la 1994 limateteza nyimbo ya munthu ngakhale mwini wake atamwalira, ndipo bungwe la ZAMCOPS lilipo kuti litolere malipiro a oimba. Awerengi amene ali ndi m'bale amene anaimba kapena kupeka nyimbo m'magulu a nthawi imeneyo acita bwino kufunafuna cikuto ca cimbale, kapena pepala lililonse lokhala ndi dzina lake, ndi kupita nalo ku ofesi ya bungwelo ku Lusaka kukafunsa ngati dzinalo linalembedwa.