CHAKUDZA SICHIYIMBA NG'OMA: TIYENI TIKAYEZETSE MTIMA

M'midzi ya m'dera la Mfumu Champiti m'boma la Ntcheu, monganso m'midzi ina yambiri m'dziko muno, si chachilendo kumva kuti bambo amene dzulo anali kulima bwinobwino wagwa m'munda, mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zafa, pakamwa papotoka ndipo mawu sakutuluka. Dzuwa lisanalowe mphekesera imakhala itafala kale yakuti wamenyedwa ndi hamala yamatsenga, ndipo zala zimayamba kuloza nkhalamba ina yosauka ya m'mudzimo. Choncho mudzi umavulaza anthu awiri pa tsiku limodzi: wodwala amene achedwa naye kuchipatala, ndi gogo amene sanalakwe kanthu.

Ife tikunena mosabisa kuti nthawi zambiri hamala imeneyi ndi kuthamanga kwa magazi, nthenda imene ambiri amaitchula kuti BP. Magazi akamakankha mitsempha mopyola muyeso kwa zaka zambiri, mtima umatopa, impso zimaonongeka, ndipo tsiku lina mtsempha wa mu ubongo umaphulika kapena kutsekeka. Choopsa chake n'chakuti munthu angathe kukhala nayo zaka khumi osamva kupweteka paliponse. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe la World Health Organization m'chaka cha 2009 anapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vutoli, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sanali kudziwa.

Ena amaganiza kuti kuyeza mtima kumafuna makina odula amene amapezeka pa Queen Elizabeth ku Blantyre kapena pa Kamuzu Central ku Lilongwe kokha. Maganizo amenewa ndi olakwika. Ntchito yaikulu imachitika ndi makutu, maso ndi manja a dokotala kapena namwino wodziwa ntchito yake, ngakhale pachipatala chaching'ono cha kumudzi.

Poyamba iye amafunsa. Kodi mumapuma movutikira mukakwera chitunda chimene kale munkakwera mosavuta? Kodi mumabanika mukagona chagada usiku? Kodi pachifuwa pamakupanani mukasenza katundu? Kenaka amayang'ana m'manja ndi m'kati mwa zikope kuti aone ngati magazi achepa, amaona ngati mitsempha ya m'khosi yatupa, nadinikiza chala pamwendo. Chala chikasiya kadzenje, ndiye kuti m'thupi mwadzaza madzi, chimene chingakhale chizindikiro chakuti mtima ukulephera kupopa. Akatero amagwira mtsempha wa padzanja nawerenga: mtima wa munthu wamkulu amene wapumula uyenera kugunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi imodzi, mosadumphadumpha.

Chida chomvetsera pachifuwa chija madokotala amakoleka m'khosi anachiyambitsa ndi René Laennec wa ku France m'chaka cha 1816, ndipo lamba womanga pamkono poyeza BP anamukonza ndi Scipione Riva-Rocci wa ku Italy mu 1896. Zida zimenezi n'zakale ndi zotsika mtengo, koma zikupulumutsabe miyoyo. Manambala akafika 140 pa 90 kapena kupitirira, ndipo akapezekanso chomwecho pa tsiku lina, munthuyo ayenera kuyamba kulandira chithandizo.

Tisaganize kuti nkhaniyi ndi ya akuluakulu okha. Mwana amene amadwaladwala zilonda zapakhosi osalandira mankhwala a penisilini angathe kuonongeka zitseko za mumtima, ndipo dokotala womvetsera bwino amamva mkokomo wachilendo pachifuwa pake. Amayi oyembekezeranso ayenera kuyezedwa BP nthawi iliyonse akapita ku sikelo, chifukwa ikakwera mimba itapitirira masabata 20 ingabweretse kukomoka ndi imfa ya mayi ndi mwana yemwe.

Tsono udindo uli pa yani? Choyamba uli pa inu ogwira ntchito m'zipatala. Munthu wamkulu aliyense wobwera kwa inu, ngakhale wadzera malungo kapena chilonda, asabwerere osayezedwa. Mumkhazike pansi mphindi zisanu, mumuyeze, mulembe manambala m'buku lake la kuchipatala, ndipo mumuuze tanthauzo lake m'chinenero chimene akumva. Inu akuluakulu a zaumoyo kuboma muonetsetse kuti chida choyezera sichikugona m'kabati chifukwa cha mabatire, ndiponso kuti mankhwala akufika pa nthawi yake. Anzathu a ku Neno, boma loyandikana ndi Ntcheu, anaonetsa kuti odwala matenda okhalitsa angathe kusamalidwa m'zipatala za pafupi ndi kwao.

Chachiwiri uli pa inu atsogoleri a m'nthambi ndi m'madera, mafumu, aphunzitsi, alangizi ndi akalaliki a m'maofesi. Mtsogoleri sauza anthu kuti awoloke mtsinje iye ataima patsidya lino. Yambani ndinu kukapinda malaya pamkono anthu akuona. Pamisonkhano yanu auzeni anthu kuti mchere wa tsiku lonse usapitirire magalamu 5, amene ndi kasupuni kamodzi ka tiyi. Kuti fodya ndi kachasu ndi adani a mtima. Ndi kuti amene anayamba mankhwala a BP asaleke chifukwa akumva bwino. Koposa zonse, munthu akagwa mwadzidzidzi, fulumirani naye kuchipatala m'malo mosonkhana kufunafuna mfiti.

Makolo athu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Dziko silingatukuke ngati alimi ake akugwa m'minda ali ndi zaka 45 chifukwa cha nthenda imene ikanadziwika pa mphindi zochepa. Tikayezetse mwezi uno, ndipo potero titenge akazi athu, amuna athu ndi makolo athu.