Galimoto Imene Siikankhika

Mwana wa mlongo wanga, amene Mulungu wamudalitsa ndi kamalonda ka zitsulo mumzinda wa Mutare, anafika kwathu kuno ku Marange Lamulungu lapitali, ndipo asanamwe n'komwe madzi a mlendo, anandionetsa pa foni zithunzi za galimoto ziwiri za mtundu wa BMW M3, zofanana thupi ndi injini yomwe, nati, "Atsibweni, inu mwakalambira pa chiwongolero; ndigule iti, ya manyuwo kapena ya otomatiki?" Ndinamupenyetsetsa, pakuti fumbi la msewu umene anadzera linali likadali pa nsidze zake, ndipo ndinazizwa kuti munthu amene wangowerenga ndi msana wake maenje onse a kuchokera pa mlatho wa Bazeley kufikira kuno angathe kulakalaka galimoto imene mimba yake itsala pang'ono kukhudza nthaka. Ndinamuyankha kuti agule ya manyuwo ngati sangathe kuleka zonse ziwiri, ndipo iye anaseka monga aseka ana a masiku ano pamene nkhalamba yanena chimene anayembekezera.

Choonadi ndichinene poyamba, kuti anyamata angandinenere kuti ndine mbuli. Ngati mlandu uli wa liwiro lokha, otomatiki adapambana kalekale, ndipo palibe mkono wa munthu wobadwa mwa mkazi umene ungalimbane naye. M'chaka cha 1989 a Ferrari adaika m'galimoto yawo ya mpikisano magiya osinthira ndi zala kuseri kwa chiwongolero, ndipo Nigel Mansell adapambana nayo ku Brazil pa mpikisano wake woyamba womwe. Mu 2003 a Volkswagen adatulutsa Golf R32 yokhala ndi makilatchi awiri, imodzi itagwira giya imene muli kuyendera, inzake itakonzeratu giya yotsatira, kotero kuti mphamvu ya injini siileka kufika ku matayala ngakhale kamphindi ka kuphethira. A Porsche nawo, pokhulupirira kuti nkhani yatha, adagulitsa 911 GT3 ya mu 2013 yopanda ndodo ya giya; koma ogula, anthu achuma amene sasowa kanthu, adalira kulira kwakukulu, kufikira kuti mu 2017 ndodo ija idabwezedwa, ngakhale onse adadziwa kuti ya ndodoyo itsalira m'mbuyo pa mpikisano. Taonani, ngakhale kwa Azungu kumene misewu ili yosalala, anthu adazindikira kuti m'galimoto muli kanthu kena koposa kufulumira.

Makolo athu adati kuthamanga sikufika, ndipo ndikhulupirira kuti akadaona mtsetse wa Christmas Pass, pamene msewu wochokera ku Harare utsika mokhotakhota kulowa mu Mutare, akadaonjezapo mawu ena owawa. Dalaivala wa manyuwo, asanayambe kutsika, abweza giya yake kukhala yachitatu kapena yachiwiri, naisiya injini kuti igwire galimoto, mabuleki akupumula. Ndipo achita ichi osaganiza, pakuti mkono ndi phazi lamanzere zidaphunzira kale. Ndidziwa kuti otomatiki nayenso alola munthu kubweza giya, koma mundiuze, inu owerenga, ndi angati mwa ana athu amene adakhudzapo zosinthira zimenezo? Aika pa D m'mamawa, nachotsapo madzulo, ndipo pakati ponsepo atsamira pa buleki kufikira fungo la chitsulo chopserera limveka kwa oyenda pansi, kumbuyo kwawo kuli magalimoto aakulu olemedwa a pa njira ya ku Beira. Yehu wa m'Buku la Mafumu ankadziwika patali ndi kayendetsedwe kake kaukali, koma iye anali ndi zingwe za akavalo m'manja mwake. A Yehu athu a lero ali ndi foni.

Koma chimene chindipweteka mtima kwenikweni n'china. Galimoto ya otomatiki siikankhika. Batire ikafa pa galimoto ya manyuwo, mutembenuza kiyi, muika giya yachiwiri, muponda kilatchi, nimuitana aliyense amene ali pafupi, oweta ng'ombe, ana a sukulu, ngakhale mayi amene watula mtolo wake wa nkhuni. Iwo aika mapewa, galimoto iyamba kukunkhulika, ndipo pamene mwamva kuti yatenga kaliwiro mumasula phazi mwadzidzidzi, injini itsokomola kawiri nidzuka, okankha aja ali kuseka m'kati mwa utsi. Otomatiki sadziwa zimenezi, pakuti mwa iye magiya agwira ndi mphamvu ya mafuta opopedwa ndi injini yomweyo, ndipo injini ikagona palibe chopopa. Mungasonkhanitse mudzi wonse ndi nyakwawa yomwe, mudzangotopetsa anthu pachabe. Chimene mufunika ndicho mawaya ndi galimoto ina, ndipo pa misewu ya kuno galimoto ina ingathe kudza dzuwa litapendeka.

Ife ana a machona tiyenera kumvetsa ichi koposa ena. Atate athu adachoka ku Ntcheu, ku Dedza ndi ku Mulanje, ambiri a iwo pansi, nadutsa dziko la Tete kudzafuna ntchito m'mafamu a fodya ndi m'migodi ya dziko lino, opanda mbale wowalandira, ndipo chimene chidawasunga ndicho kukankhana: kusonkherana pa maliro, kubwerekana ufa, kufunirana ntchito kwa kapitawo. Mutu umodzi susenza denga. Pamene mmodzi wa iwo adakwanitsa kugula Peugeot 404 yakutha, galimotoyo inali ya komboni yonse, popeza komboni yonse ndiyo inkaidzutsa m'mawa wa chisanu, ndipo mwini wake sakadatha kudutsa wokankha wake pa njira osamunyamula. Munthu amene galimoto yake siifuna mapewa a anzake ayamba msanga kukweza magalasi.

Magalimoto othamangawa tidawaona kale kuno. Mu 2006, pamene mbiri ya diamondi wa ku Chiadzwa idamveka, anthu adakhamukira kuno kuchokera ku mbali zonse, ndipo posakhalitsa misewu ya Mutare idadzala ndi ma Benz ndi ma BMW ogulidwa ndi ndalama za m'thumba, oyendetsedwa ndi anyamata amene chaka chapitacho analibe ngakhale njinga. Mu 2008 asilikali adathamangitsa okumba aja, pambuyo pake minda ya miyala idaperekedwa kwa makampani, mabanja adasamutsidwira ku Arda Transau kufupi ndi Odzi, ndipo mu 2016 Pulezidenti Mugabe mwini wake adanena poyera za madola 15 biliyoni amene dziko silidawaone. Nanga magalimoto aja? Ambiri adathera pa njerwa kuseri kwa magalaja a ku Sakubva, nkhuku zikuikira pa mipando yachikopa, chifukwa giyabokosi ya otomatiki ikadwala ifuna kompyuta, mafuta akeake ndi mmisiri wa ku Harare kapena ku Johannesburg, pamene kilatchi ya manyuwo aisintha makaniko wa pansi pa mtengo, galimoto itakwezedwa pa zitsa. Chuma chonse chidatuluka m'nthaka ino sichidatisiyire msewu woti galimoto yotere ifikepo pa giya yachinayi, ndipo tsono tikangane za kusiyana kwa kamphindi pakati pa giya ndi giya?

Anyamata a timagalimoto ta Honda Fit tonyamula anthu, amene kuno atitcha mushikashika, adzandiuza kuti awo ndi a otomatiki ndipo afika ponseponse. Afikadi, sindikana, koma tsegulani kumbuyo kwa iliyonse, mudzapeza mawaya a batire atakulungidwa pambali pa tayala.

Mwezi watha tinali pa maliro a mkulu wina wa kwathu, ndipo dalaivala wa lole imene idabwerekedwa kunyamula bokosi ndi amayi oimba anadwala mwadzidzidzi. Pabwalo panali anyamata ovala masuti, makiyi a galimoto zonyezimira akulendewera pa zala, ndipo atafunsidwa kuti mmodzi aifikitse lole ku manda, onse anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Wina wolimba mtima anakwera, nayang'ana pansi, nafunsa kuti chopondera chachitatucho n'cha ntchito yanji; atauzidwa, analiza injini, lole inalumpha ngati chule nizima pomwepo, amayi a kumbuyo akugwerana ndi kukuwa. Potsiriza anaitanidwa mkulu wa mpingo wa zaka zoposa 70, amene kale ankayendetsa thirakitala pa famu ya ku Odzi, ndipo anaitulutsa pabwalo bwinobwino, bondo lake lodwala nyamakazi likulira pa kilatchi. Mayi wina, akukonza duku lake, anafunsa mokweza ngati anyamatawo adzadziwa kugwira fosholo.