MWANA WODWALA SHUGA NAYENSO APITE KU SUKULU

Masukulu amatsegulidwa mu Januwale, mvula ili pakati. Kwa Mfumu Chikwa, m'boma la Chama, imeneyi ndiyo nyengo imene mitsinje yothira mu Luangwa imadzaza, ndipo ulendo wa ku cipatala umavuta. Motero makolo a mwana wodwala matenda a shuga ayenera kukonzekeratu mitsinje isanadzaze, ndi kukatenga mankhwala okwanira nthawi ikalipo.

Matenda amenewa si ufiti, ndiponso sapatsirana. Mwa ana ambiri amayamba cifukwa thupi laleka kupanga insulini, imene imathandiza shuga wa m'magazi kulowa m'minofu kuti munthu akhale ndi mphamvu. Kale mwana wotere sanali kukhalitsa ndi moyo. Koma mu 1921 Frederick Banting ndi Charles Best anapeza insulini ku Toronto, m'dziko la Canada, ndipo mu Januwale 1922 mnyamata wina anakhala woyamba kulandira mankhwalawa. Lero mwana wolasidwa nyeleti yace tsiku ndi tsiku angaphunzire ndi kusewera monga anzace.

Ngozi yaikulu pa sukulu ndiyo kutsika kwa shuga. Mwana amene walasidwa m'mamawa, nayenda mtunda wautali asanadye mokwanira, angayambe kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusokonezeka maganizo. Mphunzitsi wosadziwa angayese ndi ulesi kapena mwano, nam'patsa cilango. Pamenepo cofunika ndi masupuni ang'onoang'ono atatu a shuga osungunula m'madzi, pambuyo pace cakudya. Ngati mwana wakomoka, asam'thire kanthu m'kamwa. Am'goneke cammbali ndi kuthamanga naye ku kiliniki.

Cifukwa cace kubisa matendawa n'kuika moyo wa mwana pangozi. Sukulu isanatsegulidwe, makolo akaonane ndi mphunzitsi wamkulu pamodzi ndi mphunzitsi wa kalasi, awasonyeze khadi la ku cipatala, nawasiyire shuga pang'ono. Mwana adye phala asananyamuke, atenge kamba ndi madzi akumwa, ndipo asayende yekha panjira. Insulini imaonongeka ndi dzuwa ndiponso kutentha, ndipo m'cigwa ca Luangwa kumatentha kwambiri. Kumene kulibe firiji, isungidwe mu mtsuko wadothi woikidwa pa mcenga wonyowa, pamthunzi.

Aphunzitsi nawonso akumbukire kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Akapempha kudya, kumwa madzi kapena kupita ku cimbudzi pakati pa phunziro, amulole mosam'cititsa manyazi, ndipo aletse ana ena kumuseka.

Mu Januwale 2022 Boma linathetsa malipiro m'masukulu ace kufikira Giredi 12. Mwana wodwala shuga ali ndi malo ace m'kalasi monga wina aliyense. Mafumu, makolo, aphunzitsi ndi anamwino agwirizane kuti malowo asakhale opanda munthu.